Pepala Lochongedwa ndi Inki Yofiira

3 Malichi

Mzime wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kutauniko ndi mabasi akowo. Kuno tadzuka. Amayi ayamba kuponda ndi mwendo wothyoka uja, dzulo afika okha mpaka pakhomo la bafa atagwirira khoma. Ndisabise, mkazi wako wawasamala. Miyezi itatu tsopano chichokereni kwanuko akuwasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwachapira, kwinaku makina ake osokera akulira pakhonde. Pa zimenezo sindimupezera chifukwa. Utumize ndalama ya ndodo yachitsulo imene adokotala anena, yamtengoyi ikuterereka pasimenti.

Koma chimene ndakhalira pansi n'china. Mwezi wa Ogasiti mukwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri m'banja, ndipo m'nyumba mwanu mukulirabe makina okhaokha. Ine ndinali chete, poti mwana ndi mphatso. Koma Lachinayi, pa nthawi ya tiyi kusukulu, mphunzitsi wa masamu uja anandifunsa pagulu kuti, "Aphunzitsi aakulu, kodi mchimwene wanu uja sanagwe mu mpapaya?" Ena anasekera m'makapu. Ndinamuyang'ana mpaka anatsamwidwa ndi tiyi.

Iwe ndinakubereka kumsana ine, Amayi ali kuntchito. Sindingalole kuti dzina la kwathu likhale choseketsa anthu pa tiyi. Upite kuchipatala akakuyeze, unditumizire pepala, ndikatseke nalo pakamwa pa anthu. Upereke kwa kondakitala wa basi ya masana monga mwa nthawi zonse, ndimalandira ndekha padepoti ndikaweruka. Usaimbe. Foni ya mkazi wako inagwera m'beseni la zochapa, yangayi imakhala m'manja mwa adzukulu, ndipo nkhani zotere si zofuula pafoni.

Ndine,
Achemwali ako

20 Malichi

Achemwali,

Moni nonse kumeneko. Ndakondwa kumva kuti Amayi ayamba kuyenda. Ndodo ndagula konkuno, ikubwera ndi kalata ino. Mumukumbutse kondakitala, angaiiwale pansi pa mpando monga anachitira ndi bulangete lija.

Kuchipatala ndinapita. Anandipatsa kabotolo, n'kundiuza kuti ndikabweze ku labu ola lisanathe, kali m'thumba la malaya kuti kasazizire. Zina sindingakufotokozereni, ndinu alongo anga. Pepala ndi limenelo. Ndinu aphunzitsi, werengani nokha. Wa masamuyo mumuonetse nambala yapamwambayo, awerengetse maziro ake ngati angathe. Koma mkazi wanga musamuonetse, ndidzalankhula naye ndekha ndikabwera.

Mumuuzeko kuti khushoni ya pampando wanga ija yaphwa. Andisokere ina, yoboola pakati ngati yoyamba ija. Tsiku lonse pa chiwongolero, munthu umafika madzulo ukukhalira mbali imodzi.

Kubwera sindibwera msanga. Andisinthira ku njira yakutali, ndikumagona kunja masiku anayi pa sabata. Mundilembere za mwendo wa Amayi, ngati kutupa kuja kwachepa.

Ndine mlongo wanu,
Mzime

28 Malichi

Mzime,

Moni. Ndodo yafika, Amayi akuti Mulungu akudalitse. Pepala nalonso lafika, ndipo ndalichonga.

Mbewu zako alemba mamiliyoni 64, pamene pambali alemba kuti 16 n'zokwanira. Kumeneko ndiye kukhoza kanayi. Nambalayo ndaizunguliza ndi inki yofiira. Pali mzere wina wa mphindi, pamene alemba kuti wapitirira 60. Chimene amayesa sindikuchidziwa, ndipo sindikufuna kuchidziwa, koma kusukulu kwathu wopitirira 60 wakhoza. Pamunsi pali 14 pa 100, koma palibe mwana amakhoza maphunziro onse. Wa masamu uja ndamuonetsa. Masiku ano akumwera tiyi panja.

Tsono poti mbewu ilipo yochuluka chonchi, vuto tadziwa kumene lili. Wofesa alibe mlandu ngati munda uli wamiyala. Ndakambirana ndi Amalume, ndipo agwirizana nane kuti Loweruka la pa 2 Meyi tikhale pansi monga banja. Sitikuthamangitsa munthu. Tikungofuna mkazi wako amvetse kuti zaka zisanu ndi ziwiri n'zambiri, ndipo asankhe yekha, kulola kuti mnzake alowe kapena kubwerera kwawo mwaulemu.

Mnzakeyo alipo. Ndi mwana wa amayi ophika kusukulu kuno, wofatsa, wamanyazi. Mwamuna wake anamwalira n'kumusiyira mwana mmodzi wamwamuna, choncho za iyeyo sitifunikanso pepala. Ndamugulira nsalu yobiriwira kuti adzaoneke bwino tsikulo.

Ukalephera kubwera usavutike, pepala lako lidzakulankhulira.

Ndine,
Achemwali ako

7 Epulo

Adalaivala,

Moni amuna anga. Kalata ino ndapereka ndekha m'manja mwa kondakitala, pamodzi ndi khushoni yanu. Ine ndili bwino, ngati munthu amene wasokera diresi mkazi mnzake angakhale bwino.

Alamu anandibweretsera mtsikana ndi nsalu yobiriwira, akuti ndi mlendo wa banja. Ndinamuyeza mapewa, ndinamuyeza chifuwa. Nditafika m'chiuno anayamba kunjenjemera, tepi n'kumagwa. Ndinamufunsa kuti, "Mwazizidwa?" Iye misozi mbwee, n'kundiuza zonse. Diresilo ndasoka, ndipo ndasoka bwino, chifukwa msoko wokhota umanyozetsa telala, osati wovala. Mtsikanayo sindikudana naye. Akungofuna pogona pa mwana wake.

Madzulo ake Alamu anandiyalira pepala lanu patebulo, lofiira ngati la mayeso, n'kunena kuti, "Mlamu, manambala sanama." Ine sukulu ndinalekeza panjira, koma manambala ndiwo ntchito yanga, ndipo ndikudziwa kuti muyezo umodzi susoka malaya. Atapita kukasamba ndinakopera mzere uliwonse m'buku langa la miyezo. Lachitatu, nditapita ndi Amayi kukaonetsa mwendo, ndinawasiya pabenchi n'kulowa kwa adokotala ndi bukulo. Ndinati ndi za kasitomala.

Adokotalawo anandijambulira papepala. Akuti pansi pa chikhodzodzo cha mwamuna pali kachiwalo kozinga njira ya mkodzo, dzina lake pulositeti. Umuna ukamatuluka umakhala wogwirana ngati guluu, mbewu zonse zitamatirira m'menemo. Ntchito ya kachiwaloko ndi kuthiramo timadzi take tosungunula, kuti pakatha mphindi makumi awiri kapena atatu usanduke madzi, mbewu zimasuke, zisambire kupita kumene kuli dzira. Kachiwaloko kakatupa ndi matenda, timadzito timachepa mphamvu. Ndiye 60 amene Alamu anachonga kuti mwakhoza uja akutanthauza kuti a labu anadikira ola lathunthu, osasungunuka. Ndipo 14 uja ndi mbewu zimene zinkapita kutsogolo, zina zonsezo zinangokhala pamene zinali. Anandilozeranso mzere wosonyeza kuti munali asilikali a m'thupi ambiri, chizindikiro choti m'katimo muli matenda, ndipo akachuluka iwonso amafooketsa mbewu. Kenako anandifunsa ngati kasitomalayo amamva kuwawa akakhala pansi, ngati amataya madzi pafupipafupi, ngati mkodzo umawotcha. Ine ndinakumbukira makhushoni oboola pakati amene ndakhala ndikukusokerani zaka zinayi.

Anati nthawi zambiri n'zochizika. Anatinso amene anapereka pepalali sangalephere kumufotokozera mwini wake. Ndiye munkadziwa. Munatumiza pepala mukudziwa kuti alongo anu adzaona nambala yaikulu yokha.

Matendawo sindikukudani nawo. Ine ndinayezedwa kawiri, ndinagona pabedi lozizira lija anthu akundisuzumira, ndinamwa zowawa zonse zimene azakhali anu ankabweretsa m'mabotolo, ndipo sindinakufunseni ngakhale tsiku limodzi kuti nanga inu. Ana khumi ndi mmodzi a m'banja lanu ndinawasokera ndine tizovala tawo toyamba. Chimene chikundiwawa n'chakuti mwandisiya ndisenze ndekha dzina loti chumba, kuti inu muziyenda mutatukula chifuwa.

Mverani bwino. Pa 2 Meyi ine sindinena kanthu. Buku ndili nalo, ndikhoza kulitsegula pamaso pa Amalume, koma si thupi langa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mukanena nokha, ndine mkazi wanu, mwana abwere asabwere. Mukakhala chete, ndinyamula makina anga. Sindilembanso ina.

Ndine,
Atelala anu

12 Epulo

Achemwali,

Moni. Kalata iyi si yanu nokha. Muiwerenge mokweza pamaso pa Amayi ndi Amalume, ndipo musadumphe mizere monga mumachitira mukamawerengera Amayi za kuchipatala. Tsamba lomatalo n'la mkazi wanga, mumupatse losatsegula.

Pepala lija mwalichonga molakwika, ndipo wolakwitsa ndine, chifukwa ndinakusiyani dala. Tsiku limene ndinakalitenga, wa labu anandiitanira m'kati n'kundionetsa pa makina oonera tinthu tating'ono. Ndinaona ndi maso angawa, Achemwali. Khamu lalikulu, koma lambiri likungogwedeza michira pamalo amodzi. Zinandikumbutsa basi yodzaza mpaka pakhomo imene yatitimira m'matope. Ukawerenga anthu ndi ambiri, koma wofika kumene akupita palibe. Adokotala akuti ndili ndi kutupa kwa kachiwalo kotchedwa pulositeti, kamene kamayenera kusungunula umuna kuti mbewu ziyende. Pepani kuti ndikutchula zimenezi kwa alongo anga, koma kufunsa munayambitsa ndinu. Anandipatsa mapiritsi a masabata asanu ndi limodzi, ndadutsa theka. Akuti ndidzayezedwenso pakatha miyezi itatu, chifukwa mbewu zatsopano zimatenga nthawi kuti zikhwime.

Nditatuluka muja ndinakhala m'basi yopanda anthu nthawi yaitali, pepala lili pa chiwongolero. Ndinachita manyazi, ndinachitanso mantha. Ndinaganiza kuti ndingotseka kaye pakamwa pa wa masamu, zina ndidzaona kutsogolo. Sindinaganize kuti nambala imene yanditchinjiriza ine idzagwera pamutu pa mkazi wanga.

Choncho msonkhano wa pa 2 Meyi muufafanize. Mtsikana wa nsalu yobiriwirayo mukamupepese, diresi asunge. Ine mkazi ndili naye mmodzi, yemwe akusambitsa mayi angayo. Tsiku limenelo ndidzakhala pamsewu, ndipo ndidzayendetsa mtima uli m'malo podziwa kuti mwawerenga.

Ndine mlongo wanu,
Mzime

4 Meyi

Adalaivala,

Moni. Ndinati sindilembanso, koma ndi bwino mudziwe kumene ndili, mungadzanene kuti ndinathawa. Ndili kwa achimwene anga, m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yawo ya njinga. Makina ndaika pakati pa matayala. Kalata ino yadzera ku positi.

Ndinadikira masabata atatu. Tsiku lililonse Alamu akamachokera kudepoti ndinkawayang'ana m'manja. Iwo ankangoti, "Palibe, Mlamu."

Loweruka anasonkhana pabalaza. Amalume pampando wa malemu bambo anu, azakhali awiri pa sofa, Amayi ndi ndodo yawo, mtsikana uja pakona atavala diresi lake. Linamukhala bwino, ndisadzichepetse. Pepala lanu linayenda m'manja m'manja. Amalume analigwira mozondotsa n'kugwedeza mutu kuti, "Mamiliyoni. Ameneyu ndi wa kwathu." Kenako anandifunsa ngati ndili ndi mawu.

Buku linali pamiyendo panga, chala chili pa tsamba lake. Ndisaname, ndinafuna. Azakhali anu aang'ono atanena kuti nkhuku yosaikira saisunga chifukwa cha nthenga, ndinatsala pang'ono kulitsegula. Koma ndinati, "Mawu ndili nawo, koma si anga. Mwini wake akadzawafuna adzawatchula." Ndinawauzanso kuti mkazi mnzanga sindimufuna, ndipo chumba si dzina limene anandipatsa makolo anga. Amalume anati ndine wamwano. Ndinawayankha kuti mwanowo ndauphunzira mochedwa, ndikanauyamba kale bwenzi ndisanamwe mabotolo onse aja.

Amayi okha ndi amene anafunsa kuti, "Kodi mwana wanga wanena ndi pakamwa pake?" Alamu anati pepala lanena. Ponyamula makina, Amayi anagwira chivundikiro chake osafuna kuchisiya, ndipo ndinalira pamenepo pokha. Muwauze Alamu kuti mwendo uja umafuna kuuthowa ndi madzi ofunda m'mawa asanaponde pansi, ndipo mapiritsi oyera aja samwa asanadye.

Nanunso ngati anakupatsani mapiritsi, mumalize. Musalekeze panjira poti ululu wachepa, adokotala anati matendawo amabwerera. Ndikukuuzani monga munthu, osati monga mkazi wanu.

Telala

7 Meyi

Achemwali,

Moni sindipereka lero. Kondakitala walumbira pamaso pa anzathu kuti pa 13 Epulo anakupatsani envelopu yanga m'manja, inu mutavala juzi yabuluu, ndipo munamufunsa za chifuwa cha mwana wake. Ndiye kalatayo ili kuti?

Munaopa kuti anthu andiseka. Ndakuchepetserani ntchito. Dzulo m'mawa padepoti, madalaivala ali pamzere wosainira, ndinawauza ndekha za vuto langa. Anaseka, inde. Wina anati ndizithira parafini kuti zisungunuke, ndipo ndinaseka nawo. Koma pofika masana atatu anali atandikokera kuseri kwa basi, mmodzimmodzi, kundifunsa kuti chitseko chake kuchipatalako n'chiti. Mmodzi mwa iwo anasiya akazi awiri chifukwa cha nkhani yomweyi. Sindinafe, Achemwali. Basi ndinayendetsa monga mwa masiku onse.

Loweruka lino ndikubwera. Ndapempha tchuthi, abwana akana, ndawasiyira makiyi patebulo kuti aganize bwino. Muitane onse amene analipo pa 2 Meyi, aliyense akhale pampando umene anakhala. Muitanenso wa masamu ngati akufuna. Pepala lija mulibweretse ndi inki yake, ndidzaliwerenga kuyambira pansi kupita m'mwamba. Mawu amene anthu amati ndi olaula ndidzawatchula onse pamaso pa Amayi, chifukwa mawu oti chumba munawatchula pamaso pawo ndipo palibe anatseka makutu.

Munandibereka kumsana, sindikana. Koma ndinatsika kalekale.

Mzime

11 Meyi

Mlamu,

Moni kumeneko, muwapatsenso moni achimwene anu. Kalata iyi ndaiyamba katatu. Mu envelopu muno mupezamo ina ya mwamuna wanu, ya pa 12 Epulo. Inafika nthawi yabwino. Ndinaiwerenga padepoti pomwepo, n'kukaiika pansi pa makope a ana. Tsamba lanu sindinatsegule, muona nokha guluu wake.

Ndinadziuza kuti akunama pofuna kukutchinjirizani, poti amakukondani. Zoona zake n'zakuti ndinakhulupirira mzere uliwonse, ndipo n'chifukwa chake ndinabisa. Mwana ameneyu ndakhala ndikumumenyera nkhondo kuyambira ali wamng'ono. Anzake akamuseka chibwibwi ndinkawathamangitsa ndi tsache. Ndinaona ngati ndikuchitanso zomwezo, osaona kuti tsachelo likugwera inu.

Loweruka anabwera ndi yunifomu yake. Anaima pakati pa balaza n'kutchula zonse, chiwalo ndi ntchito yake, mpaka mphindi, ndipo sanachite chibwibwi ngakhale kamodzi. Azakhali aakulu anafunda nsalu kumutu. Amalume anati, "Mphwanga, zimenezi sanenera pamaso pa mayi ako." Amayi anagogoda ndodo pansi n'kunena kuti, "Musiyeni. Ndinamubereka ali maliseche, palibe chachilendo." Atamaliza, Amalume anapempha pepala lija n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa motsitsa mawu ngati kachiwaloko ndi kamene kamachititsa munthu wamkulu kudzuka kasanu kukataya madzi. Palibe anaseka.

Ine sanandilankhule mpaka anachoka. Mtsikana uja ndakamupepesa kwawo, akuti diresi azivala popita kopemphera. Amayi akukana kuti ndiwathowe mwendo, akuti manja anga ndi a choko.

Ndakhala mphunzitsi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo mawu awa ndinazolowera kulembetsa ana, osati kulemba ndekha. Ndinalakwa, pepani. Bwererani. Akadzayezedwanso mundidziwitse zotsatira, mtima wanga ukhale pansi.

Ndine,
Mlamu wanu wamkulu

22 Ogasiti

Alamu,

Moni, ndikhulupirira muli bwino ndi adzukulu. Kalata yanu ndinalandira mu Meyi. Ndayankha lero chifukwa ndinafuna kuti nanunso mulaweko kuyang'ana m'manja mwa kondakitala.

Pepani wanu ndamva. Pepani sapoletsa chilonda, koma ndamusunga m'buku la miyezo, pamodzi ndi tsamba lija la alongo anu. Iwo anafika kushopu ya achimwene tsiku lomwelo atachoka kwanuko. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja mpaka ndinamaliza kupinda buluku la kasitomala, miyendo yonse iwiri. Sindinafulumire. Ndinawauza kuti ndibwerera kunyumba kwathu kutauni, osati pakhonde lanu, ndipo makina anasenza okha mpaka kusiteji. Ntchito anawabwezera, madalaivala odziwa njira yakutali ndi ochepa.

Amayi tidzawatenga kumapeto kwa mwezi, adzakhale nafe mpaka mwendo ulimbe. Chipinda ndakonza kale, ndipo kubafa takhomako chogwirira. Muwalongedzere nsapato zofewa zija, ndodo musaiwale.

Lachiwiri lapitali tinapita limodzi ku labu. Kabotolo ndinanyamula ine, m'kati mwa bulauzi. Tinakhala pabenchi, ine ndikuyang'ana wotchi yapakhoma, iwo akuyang'ana nsapato zawo. Ndaona singano zambiri pa moyo wanga, koma sindinaonepo yaulesi ngati ya wotchi imene ija. Wa labu atatuluka anatiitana tonse awiri, n'kutifotokozera mzere uliwonse kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pobwerera alongo anu anaimba likhweru njira yonse, koma musaganizire patali, amenewa amaimba likhweru ngakhale tayala litaphulika.

Mwapempha zotsatira. Sindikuuzani. Pepala lachiwirili lili m'kabati mwathu, ndipo lilibe malo a inki yofiira. Amalume okha ndi amene tawatumizira kanthu, nambala ya chitseko cha kuchipatala.

Ndamva kuti mwana wanu wamkulu ndi woyembekezera. Tizovala ndisoka monga ndinasokera ena khumi ndi mmodzi aja, mungondiuza mwezi wake. Za ine musafunse kondakitala, musafunse Amayi, musawerenge miyezi pa kalendala ya kusukulu. Mimba ikadzakhalapo mudzaiona ndi maso monga wina aliyense. Ikapanda kukhalapo, mudzaonabe ine.

Ndine,
Mlamu wanu